Kanyama Kopita ku Labotale: Mmene Madokotala Amadziwira Khalidwe la Khansa ya M'mawere

Amayi awiri akhoza kupezeka ndi khansa ya m'mawere sabata imodzi, pachipatala chimodzi, zotupa zawo zili zofanana kukula, koma bala la opaleshoni likapola wina n'kupatsidwa mapiritsi oti azimwa limodzi patsiku kwa zaka zisanu, mnzake n'kuuzidwa kuti ayambe kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, mwezi womwewo. Magadiyani akamva zotere amayamba kunong'onezana panja pa wodi. Ena amati pali kukondera, ena amati mankhwala atha, enanso amafika poganiza kuti wa mapiritsiyo madokotala amutaya, angomupatsa zoti azikadikirira nazo tsiku kunyumba. Kawirikawiri si choncho ayi. Wa mapiritsiyo ndiye akhoza kukhala ndi chotupa chofatsa. Chimene chawalekanitsa ndi pepala lochokera ku labotale, pamene palembedwa zilembo monga ER, PR, HER2, nthawi zina Ki-67, ndi timanambala pambali pake.

Zilembozi ndi mayina a zinthu zimene zimapimidwa m'kanyama kotapidwa pa chotupa. Achipatala amazitcha ma biomarker, zizindikiro za m'kati mwa chotupa zimene zimaulula khalidwe lake. Zimafunika chifukwa dzina loti khansa ya m'mawere likuphimba matenda angapo amene amangofanana poyambira. Chimanga chamakolo ndi cha haibulidi ukazitapa m'manja zonse ndi chimanga, koma mlimi amadziwa kuti china chimacha msanga, china chimamva feteleza, china sichichedwa kufumbwa m'nkhokwe, ndipo sazisamala mofanana. Zotupa nazo pali zokula mwakachetechete kwa zaka, pali zothamanga, pali zomva mankhwala amene zinzake sizimva.

Nanga n'chifukwa chiyani madokotala amavutika n'kulosera? Mayi akachotsedwa chotupa, kapena bere lonse, chochotsedwacho sichidzamuvutanso. Choopsa ndi timaselo timene tinathawa kale kudzera m'magazi kapena m'njira za anabere n'kukabisala m'mafupa, m'chiwindi, m'mapapo kapena mu ubongo. Palibe sikani imene imaona timaseloti tikadali tochepa. Mankhwala operekedwa pambuyo pa opaleshoni ndi osaka timaselo tosaonekato. Koma amayi ambiri amene chotupa chawo chinapezeka msanga alibe timaselo totero, opaleshoni yokha inawachiza, ndipo kuwapatsa kemo n'kungowazunza ndi kusanza, kuthothoka tsitsi, kutsika kwa chitetezo cha m'thupi, mwinanso kusabereka, osanena za ndalama ya basi yobwerera kuchipatala masabata atatu alionse. Ena ali nato, ndipo kuwamana kemo n'kuwataya. Kudziwa kuti uyu ali mbali iti ndiye mutu wa nkhani yonse.

Apa pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza. Loyamba: khansa imeneyi, mwa chibadwa chake, mpata woti ibwerere ndi waukulu bwanji? Lachiwiri: kodi mankhwala akutiakuti agwira pa khansa imeneyi? Chizindikiro china chimayankha loyamba lokha, china lachiwiri, china onse awiri. Ndipo tiona kuti chizindikiro chimene chimanena zoipa pa funso loyamba chikhoza kunena zabwino pa lachiwiri.

Zimene maso amaona

Tisanafike pa zilembo zija, pali zinthu zitatu zakale zimene mpaka lero palibe makina amene azigwetsa: kukula kwa chotupa, chiwerengero cha anabere a m'khwapa amene khansa yalowamo, ndi giredi. Mwa zitatuzi anabere ndiwo amalankhula mokweza. Khansa ikapezeka mwa anabere ndi umboni woti maselo ake aphunzira kale kuyenda, ndipo anabere ogwidwa akamachuluka chiopsezo chimakweranso.

Giredi ndi chiweruzo cha dokotala wopima tinyama pa maikulosikopu. Amayang'ana ngati maselo akuyesabe kupanga timachubu tonga ta bere labwinobwino, ngati mitima ya maselowo ili yofanana kapena yapindikapindika, ndiponso kuti ndi maselo angati amene agwidwa ali m'kati mogawikana. Chilichonse amachipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 3, ndipo akaphatikiza amapeza giredi 1, 2 kapena 3. Njirayi anaiyamba Bloom ndi Richardson ku London mu 1957, ndipo Elston ndi Ellis a ku Nottingham anaikonza mu 1991. Ku Nottingham komweko anapanganso masamu osavuta, oti munthu akhoza kuwerengera kuseri kwa envelopu: kukula kwa chotupa m'masentimita kuchulukitsa ndi 0.2, kuwonjezapo giredi, kuwonjezaponso nambala ya anabere, imene ndi 1 ngati palibe wogwidwa, 2 ngati agwidwa mmodzi mpaka atatu, 3 ngati apitirira apo. Chotupa cha masentimita 2, giredi 2, anabere oyera, chimapereka 3.4, ndipo chimenecho chili m'gulu la chiyembekezo chabwino. Cha masentimita 4, giredi 3, anabere asanu ogwidwa, chimapereka 6.8, gulu loipa. Giredi si siteji, ngakhale anthu amazisokoneza. Siteji imanena pamene khansa yafika m'thupi, giredi imanena ukali wa maselo ake.

Khansa yodya homoni

Nkhani ya ER inayamba anthu asanadziwe n'komwe kuti kuli mahomoni, timadzi ta m'thupi tonyamula uthenga kudzera m'magazi. George Beatson, dokotala wa opaleshoni ku Glasgow, anamva kuti alimi ena amachotsa timatumba ta mazira ta ng'ombe yoti yangobereka kuti ipitirize kutulutsa mkaka. Anaganiza kuti ndiye kuti timatumbato tili ndi ulamuliro pa bere. Mu 1896 analemba za mayi wa khansa yofalikira amene zotupa zake zinaphwa atamuchotsa timatumba ta mazira. Madokotala ena atayesa, anaona kuti zimathandiza pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse. Enawo ankachitidwa opaleshoni yopanda phindu, ndipo panalibe wodziwa kusankha.

Yankho linabwera patapita zaka zoposa 60. Elwood Jensen wa ku yunivesite ya Chicago anasonyeza kuti maselo ena ali ndi puloteni imene imagwira homoni yachikazi ya estrogen, ndipo ikaigwira imalamula selo kuti ligawikane. Puloteni imeneyo ndiyo ER. Chotupa chimene chili nayo chimakula ndi estrogen ya mayi mwiniyo. Chimene chilibe, estrogen sichiidziwa. Ku Ulaya ndi ku America zotupa 7 kapena 8 pa 10 zilizonse zimakhala ndi ER. PR ndi puloteni inzake yogwira homoni ya progesterone, ndipo ikapezeka limodzi ndi ER nthawi zambiri ndi chizindikiro choti chotupacho n'chofatsa kuposa chimene chili ndi ER yokha.

Kupima kwake kumayenda chonchi. Kanyama kamaumitsidwa mu phula, n'kusengedwa tizidutswa topyapyala kuposa tsitsi, n'kuikidwa pa galasi. Amathirapo mankhwala amene amakakamira pa ER yokha n'kusiya mtundu wofiirira. Dokotala amawerenga kuti mwa maselo 100 a khansa ndi angati amene adetsedwa. Malamulo amene mabungwe a madokotala a ku America anatulutsa mu 2010 amati selo limodzi pa 100 ndi lokwanira kuti chotupa chitchedwe cha ER, ngakhale mu 2020 anawonjezapo chenjezo loti zotupa za pakati pa 1 ndi 10 pa 100 nthawi zambiri zimachita ngati zopanda ER.

Phindu la kudziwa zimenezi ndi tamoxifen. Mankhwalawa anapangidwa ku England ndi kampani ya ICI m'zaka za m'ma 1960 ngati olera, koma analephera ntchitoyo. Mphamvu yake inapezeka kwina: amakhala pa ER n'kutsekereza estrogen. Gulu la akatswiri a ku Oxford limene limasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa padziko lonse linasonyeza mu 2011 kuti kumwa tamoxifen zaka zisanu kumachepetsa imfa za khansa ya m'mawere ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pa zaka 15, kwa amayi a chotupa cha ER. Kwa opanda ER phindu lake n'lochepa zedi kapena palibiretu. Mapiritsi otchipa, osafuna firiji, osafuna diripi, koma opindulitsa yekhayo amene chotupa chake chili ndi puloteniyo. Amayi amene anasiya kusamba amathanso kupatsidwa letrozole kapena anastrozole, amene amaletsa thupi kupanga estrogen.

Pali mbali ina ya ER imene odwala ambiri sauzidwa bwino. Khansa ya ER ndi yofatsa, inde, koma ndi yoleza mtima. Kafukufuku wa gulu la ku Oxford lomwelo wa mu 2017 anatsatira amayi amene anamaliza zaka zisanu za mapiritsi ali bwinobwino. Pofika chaka cha 20, khansa inali itatulukira kwina m'thupi mwa amayi 13 pa 100 alionse amene chotupa chawo chinali chaching'ono ndi anabere oyera, ndi mwa 41 pa 100 amene chotupa chinali chokulirapo ndi anabere anayi mpaka asanu ndi anayi ogwidwa. Onani kuti kukula ndi anabere zikulankhulabe patapita zaka makumi awiri. N'chifukwa chake ena amauzidwa kupitiriza mapiritsi mpaka zaka 10, ndipo mayi amene wasiya kumwa chaka chachiwiri chifukwa akudzimva kuti wachira wataya chinthu chachikulu kuposa mmene akuganizira.

HER2: mdani amene anasanduka chandamale

Mu 1987 Dennis Slamon ndi anzake ku Los Angeles anapima zotupa 189 n'kupeza kuti zina zinali ndi makope ochuluka a jini, kachidutswa ka malangizo a chibadwa a m'selo, yotchedwa HER2. Jini imeneyi imapanga puloteni yokhala pakhungu la selo, yolandira uthenga woti selo likule. Makope akachuluka, mapuloteniwo amadzaza pakhungupo, ndipo selo limangomva kuti kula, kula, osalekeza. Amayi a zotupa zimenezi khansa inkabwerera msanga ndipo ankafa msanga. Masiku ano zimadziwika kuti ndi zotupa pafupifupi 15 mpaka 20 pa 100.

Kwa zaka khumi HER2 inali uthenga woipa basi. Kenako kunabwera trastuzumab, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la malonda la Herceptin, mankhwala opangidwa kuti akakamire pa puloteni ya HER2 yeniyeniyo. Analoledwa ku America mu 1998 kwa odwala khansa yofalikira, ndipo mu 2005 zotsatira za kafukufuku wamkulu zinasonyeza kuti akaperekedwa limodzi ndi kemo pambuyo pa opaleshoni, kubwerera kwa khansa kumatsika ndi pafupifupi theka. Kumene mankhwalawa amapezeka, mayi wa HER2 lero ali ndi chiyembekezo chabwino kuposa magulu ena amene kale ankaoneka amwayi.

Chiganizo chimenecho chili ndi mawu olemera: kumene mankhwalawa amapezeka. Chotupa sichinasinthe, chinasintha ndi chimene chili mu famase. Trastuzumab amaperekedwa masabata atatu alionse, kawirikawiri kwa chaka chathunthu, amafuna kuti mtima uziunikidwa chifukwa amatha kuufooketsa, ndipo kwa zaka zambiri mtengo wake unali wosayandikirika. Bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2015, ndipo mu 2019 linavomereza koyamba mtundu wotsikirapo mtengo wopangidwa ndi kampani ina. Komabe mayi amene pepala lake likuti HER2 ilipo koma mankhwala sangawapeze, tsogolo lake likufanana kwambiri ndi la amayi a Slamon a mu 1987 kusiyana ndi la mnzake wa ku London. Amene amawerenga manambala a kunja pa intaneti ayenera kukumbukira zimenezi.

Zotsatira za HER2 zimalembedwa 0, 1+, 2+ kapena 3+. Ya 3+ ndiyo yotsimikizika. Ya 2+ ndi yokayikitsa, imafuna kupima kwachiwiri kowerenga makope a jiniyo, kumene malabotale ambiri a m'mayiko osauka sachita. Kale 0 ndi 1+ zinkatengedwa ngati chimodzimodzi, koma kuyambira 2022, pamene mankhwala atsopano otchedwa trastuzumab deruxtecan anaoneka kuti amathandizanso zotupa za HER2 yochepa zikafalikira, kusiyanako kwayamba kuwerengedwa.

Zikasowa zonse zitatu

Chotupa chopanda ER, PR ndi HER2 chimatchedwa triple negative. Ndi zotupa 10 mpaka 15 pa 100 ku mayiko a azungu, zimakonda amayi achitsikana, zimakula mothamanga, ndipo tamoxifen kapena trastuzumab alibe pogwira. Chida chachikulu ndi kemo, ndipo zambiri zimaimva bwino. Khalidwe lake ndi losemphana ndi la ER: ikafuna kubwerera imabwerera m'zaka zitatu kapena zisanu zoyambirira, ndipo mayi akadutsa pamenepo chiopsezo chimatsika kwambiri.

Kwa nthawi yaitali kunkamveka kuti amayi a mu Africa ambiri khansa yawo ndi yopanda ER. Pali choonadi pang'ono: ku America amayi akuda amapezeka ndi triple negative kawirikawiri kuposa azungu, ndiponso odwala a kuno ambiri ndi achichepere. Koma mu 2014 akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku yense wa mu Africa anaona chinthu chodabwitsa. Kumene anapima tinyama takale tosungidwa mosadziwika bwino, ER inkapezeka mochepa. Kumene tinyama tinatengedwa mosamala n'cholinga choti tipimidwe, zotupa zoposa theka zinali ndi ER. Mbali ina ya "khansa yaukali ya mu Africa" inali kanyama kowonongeka.

Pano ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene sayansi yapamwambayi imadalira zinthu wamba. Kanyama kakangochoka m'thupi kamayamba kuwola, ndipo mapuloteni ake, makamaka ER, amayamba kutha. Chimene chimaimitsa kuwolako ndi fomalini, mankhwala amadzi osungiramo tinyama. Malamulo amati kanyama kalowe mu fomalini pasanathe ola limodzi, kakhalemo maola osachepera 6 ndi osapitirira 72, fomaliniyo akhale wosungunulidwa moyenera ndi wochuluka kuposa kanyamako kakhumi. Fomalini amalowa mu mnofu pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola. Ndiye taganizani bere lathunthu loponyedwa m'kachidebe osalichekacheka: kunja kumauma bwino, koma pakati pamene pali chotupa pamawola fomalini asanafike. Taganizaninso botolo lochokera kuchipatala cha boma la kutali, lodikira galimoto yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre masabata awiri, m'chipinda chotentha cha mwezi wa Okutobala. Labotale ikhoza kukhala ndi makina abwino ndi dokotala waluso, koma idzalemba kuti ER palibe, chifukwa pa galasipo palibedi. Mayi uja adzamanidwa mapiritsi amene akanamuthandiza, ndipo palibe amene adzadziwe kuti panalakwika.

Wina asaganize kuti ili ndi vuto la osauka okha. M'chigawo cha Newfoundland ku Canada, pakati pa 1997 ndi 2005, zotsatira za ER zinkalakwika kwa zaka popanda wozindikira. Atapimanso tinyama ta odwala oposa 1,000, pafupifupi 400 anapezeka kuti anauzidwa zolakwika, ndipo ena mwa iwo anali atamanidwa mankhwala a mahomoni. Boma linakhazikitsa komiti yofufuza imene inatulutsa lipoti mu 2009. Malamulo okhwima a maola aja anatuluka chaka chotsatira.

Kuona kwanga n'kwakuti m'dziko ngati Malawi, namwino wa m'chipinda cha opaleshoni amene amalemba nthawi imene kanyama kanalowa mu fomalini akuchita zambiri pa tsogolo la wodwala kuposa makina alionse odula amene tingalote. Ndipo kumene kupima ER sikutheka, madokotala ambiri amangopereka tamoxifen kwa onse. Si kupusa, chifukwa oposa theka adzapindula. Koma ndi kubwerera ku masiku a Beatson, kuchiza mongoponya.

Za Ki-67 sindichulukitsa. Ndi puloteni yopezeka m'maselo amene akugawikana, ndiye ikachuluka ndiye kuti chotupa chikuthamanga. Vuto lake n'lakuti madokotala awiri akhoza kuwerenga galasi limodzi n'kupeza manambala osiyana. Akatswiri amagwirizana kuti 5 pa 100 kapena kutsika ndi yotsikadi, 30 kapena kukwera ndi yokweradi, koma zapakatipo n'zosadalirika kuti munthu agamulirepo za kemo.

Kuwerenga majini ambiri nthawi imodzi

Mu 2000 Charles Perou, Therese Sørlie ndi anzawo anapima majini masauzande m'zotupa nthawi imodzi, n'kuona kuti zotupazo zimagawika zokha m'mabanja. Kuchokera apo tili ndi mayina monga luminal A, banja la ER lofatsa, ndi luminal B, la ER lomwelo koma lothamanga. Izi zinatsimikizira zimene madokotala ankaona kale, kuti amayi awiri a ER, a anabere oyera, akhoza kuyenda njira zosiyana kotheratu.

Pa maziko amenewa panamangidwa njira zopima zogulitsidwa. Yotchuka ndi Oncotype DX, imene imawerenga majini 21 n'kupereka nambala kuyambira 0 mpaka 100. Kafukufuku wotchedwa TAILORx, wa amayi oposa 10,000, anatuluka mu 2018. Amayi a ER, opanda HER2, a anabere oyera, amene nambala yawo inali pakati pa 11 ndi 25, anawagawa mwa maere: ena mapiritsi okha, ena mapiritsi ndi kemo. Patapita zaka 9, amene anali moyo opanda khansa anali 83 pa 100 mbali ina ndi 84 pa 100 mbali inayo. Kunena kwina, kemo sinawonjezere kanthu kooneka, kupatula kwa amayi ena a zaka 50 kapena kutsika amene nambala yawo inali chakumtunda. Njira ina, MammaPrint, yochokera ku Amsterdam, imawerenga majini 70 ndipo inayesedwa pa amayi 6,693 mu kafukufuku wa MINDACT.

Izi ndi zopambana zenizeni, zapulumutsa amayi ambiri ku kemo yosafunika. Koma tione bwino amene zikuwathandiza. Ndi mayi wa chotupa chaching'ono, chopezeka msanga, cha ER, amene funso lake ndi loti kodi kemo ndingaithawe. Mtengo wake ndi madola masauzande angapo, kanyama kamatumizidwa kunja, ndipo amayi amene anayesedwapo ambiri anali azungu. Mayi wofika kuchipatala ndi chotupa chodzaza bere, khungu litayamba kale zilonda, m'khwapa muli mibulu, funso limenelo alibe. Kemo akuifuna, ndipo palibe nambala ya majini imene ingasinthe zimenezo.

Kwa mayi woteroyo pali chizindikiro china chosagula padera. Kemo ikaperekedwa opaleshoni isanachitike, chotupa chimadziulula chokha. Dokotala akapima bere lochotsedwa ndi anabere n'kupeza kuti palibe selo la khansa lotsala, chiyembekezo chimakhala chabwino kwambiri, makamaka pa triple negative ndi HER2. Akapeza zotsalira, ndi chenjezo loti pafunika mankhwala ena owonjezera, monga mapiritsi a capecitabine kwa a triple negative.

Magazi, ndi za kumtundu

Anthu ambiri akamva za zizindikiro za khansa amaganiza za kupima magazi, ndipo pali malabotale amene amagulitsa kupima magazi kotchedwa CA 15-3 ngati njira yodziwira ngati munthu ali ndi khansa ya m'mawere. Si choncho. Nambala imeneyi imakhala yabwinobwino mwa amayi ambiri a khansa yoyamba kumene, ndipo imatha kukwera chifukwa cha matenda a chiwindi kapena zina zosakhudzana ndi khansa. Ntchito yake ndi yochepa, yothandizira kuona ngati mankhwala akugwira pa khansa yofalikira kale. Mayi amene wamva kambulu m'bere akufunika kuunikidwa ndi kutapidwa kanyama, osati kulimbitsidwa mtima ndi zotsatira za magazi. Chatsopano chimene chikulonjeza zambiri ndi kusaka tizidutswa ta DNA ya chotupa toyandama m'magazi. Timatha kuoneka miyezi ingapo sikani isanaone kanthu, ndipo pa khansa yofalikira timathandiza kale kusankha mankhwala, mwachitsanzo jini ya ER ikasintha n'kuyamba kukana mapiritsi. Koma kuti kuyamba mankhwala msanga chifukwa cha tizidutswato kumatalikitsa moyo, kafukufuku akadali m'kati.

Majini a BRCA1 ndi BRCA2 ndi nkhani ina, chifukwa zolakwika zake sizili m'chotupa mokha koma m'thupi lonse, zochokera kwa mayi kapena kwa bambo. Mary-Claire King ndiye anasonyeza mu 1990 pamene BRCA1 ili. Mkazi wobadwa ndi jini yolakwikayi, mpata woti adzadwale khansa ya m'mawere pa moyo wake ndi pafupifupi 7 pa 10, ndipo za BRCA1 zambiri zimakhala triple negative. Kudziwa kumathandiza posankha opaleshoni, pa mankhwala monga olaparib, ndi pochenjeza abale. Koma khansa zotengera kumtundu ndi 5 mpaka 10 pa 100 basi. Zambiri sizichokera kwa makolo, ndipo palibe chifukwa cholozerana zala kuchimuna ndi kuchikazi.

Manambala ndi a gulu

Zonsezi zikaphatikizidwa, dokotala amatha kunena kuti mwa amayi 100 onga inu, okwana akuti adzakhala ali moyo pakatha zaka 10. Pa intaneti pali chida chaulere chotchedwa Predict, chopangidwa ku Cambridge, chimene chimawerengera zimenezi munthu akaikamo zaka, kukula kwa chotupa, anabere, giredi, ER ndi HER2. Koma sichinena kuti inuyo muli mwa ati pa 100 aja, ndipo chinamangidwa pa odwala a ku England, amene ambiri amalandira chithandizo chokwanira. Chotupa nacho si chinthu chimodzi paliponse: mbali ina ikhoza kusiyana ndi inzake, ndipo khansa yobwerera patapita zaka nthawi zina imakhala itataya ER kapena itasintha HER2. N'chifukwa chake ikabwerera madokotala amafuna kutapanso kanyama ngati n'kotheka. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuti adokotala, ER yanga inatuluka bwanji, HER2 inapimidwa, ndi anabere angati anagwidwa, ndipo ndi nzeru kusunga kope la zotsatirazo pamodzi ndi buku la kuchipatala.

Kafukufuku wotchedwa ABC-DO anatsatira amayi a khansa ya m'mawere ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia. Zotsatira za mu 2020 zinasonyeza kuti patapita zaka zitatu, theka lokha anali moyo, pamene m'mayiko olemera pafupifupi 9 pa 10 amadutsa zaka zisanu. Chimene chinapha ambiri si mtundu wachilendo wa chotupa, koma kufika mochedwa ndi kusalandira chithandizo chokwanira. N'chifukwa chake ndondomeko imene WHO inakhazikitsa mu 2021 sikamba za majini. Imafuna kuti odwala 60 pa 100 azipezeka khansa ili pa siteji 1 kapena 2, kuti kupima konse kuzitha pasanathe masiku 60, ndi kuti 80 pa 100 azimaliza chithandizo.

M'masiku 60 amenewo muli labotale. Ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe labotale yopima tinyama inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi yunivesite ya North Carolina. Isanabwere, chigawo chapakati chinkadalira Blantyre. Madokotala opima tinyama akadali ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ku Malawi ndi ku Zambia komwe. Njira imodzi imene ikuyesedwa ndi kugwiritsa ntchito makina a GeneXpert, omwe aja ali kale m'zipatala zambiri za maboma opimira makhololo a TB. Kampani yopanga makinawa inapanga kabokosi kotchedwa STRAT4 kamene kamawerenga uthenga wa majini a ER, PR, HER2 ndi Ki-67 kuchokera pa kachidutswa ka kanyama m'maola ochepa, ndipo kayesedwapo ku Rwanda, kumene zotsatira zake za ER ndi HER2 zinagwirizana bwino ndi za njira ya pa galasi. Nakonso kamafuna kanyama kolowa mu fomalini pa nthawi yake, ndipo sikanena ngati chotupacho ndi khansa, sikanena giredi, sikawerenga anabere. Zimenezo zikufunabe munthu wokhala pa maikulosikopu.